Foni ya m'nyumba yoyendera intaneti: iyeseni kaye musanatulutse ndalama

M'nyumba zina zakale muno mu Zomba mukadali kasoketi ka lamya pakhoma, pomwe foni yake ili pamwamba pa kabati, yatuwa ndi fumbi. Mwana wa ku Johannesburg kapena ku UK akabwera kudzadya Khirisimasi n'kuiona, amati, "Amayi, foni iyi itha kudzukanso. Kuli kabokosi koilumikiza ku intaneti, tizilankhulana motchipa." Sakunama, kabokosiko kalipodi ndipo kamagwira ntchito. Koma poyambira si pa kabokosi. Tengani foni yanu ya m'manja, muone manambala amene mwaimba mwezi wathawu. Ngati pafupifupi onse akuyamba ndi 088 kapena 099, foni ya pa intaneti sikupulumutsirani ngakhale tambala, m'malo mwake ikuonjezerani bilu. Ngati pali manambala angapo akunja amene simungawapeze pa WhatsApp, pamenepo nkhani ilipo.

Njirayi amaitcha VoIP. Mawu anu amadulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, kawirikawiri 50 pa sekondi imodzi, n'kutumizidwa pa intaneti kupita ku kompyuta ya kampani yomwe mwatsegulako akaunti. Kampaniyo ndiyo imalumikiza mawuwo ku foni ya munthu amene mukumufuna. Kuimbirana pa WhatsApp nakonso kumayenda chimodzimodzi, kungoti pa foni ya kabokosiyi mumapatsidwa nambala yeniyeni yoti aliyense angaiimbe ngakhale ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo foni imalira patebulo ngati kale.

Pamafunika zinthu zinayi: intaneti yosaduka, kabokosi kotchedwa ATA kapena foni yopangidwira VoIP ngati za Yealink ndi Fanvil, akaunti ku kampani, ndi magetsi. Chimodzi chikasowa foni yafa. Apa mpamene imasiyana ndi lamya ya MTL ya waya wa kopa, yomwe inkalandira mphamvu kuchokera ku ekisichenji ndipo inkalira ngakhale nyumba yonse ili mumdima.

Kumene ndalama zimalowera

Makampani amene amalengeza kuti "imbani mopanda malire" amatanthauza manambala a dziko lawo. Ooma ndi magicJack, mwachitsanzo, anapangidwira United States ndi Canada. Kwa kampani ya kunja, Malawi ndi dziko lachilendo, choncho mukaimbira mlamu wanu ku Matawale, mawu anu apita kaye ku London kapena ku Johannesburg, abwerere muno, ndipo mulipira mtengo woimbira kunja. Mlamu wanuyo akafuna kukuimbirani pa nambala yanu ya +44 kapena +27, mayunitsi ake athanso ngati akuimba kunja, pomwe muli mtunda woyenda pa kabaza. Palibe amene angachite zimenezo kawiri.

Choncho musanatsegule akaunti pezani ndandanda wa mitengo wa kampaniyo, mufufuze mzere wa Malawi. Mupeza mitengo iwiri, wa mafoni a m'nyumba ndi wa mafoni a m'manja. Wa m'manja ndiwo ukukhudzani. Usintheni kukhala makwacha pa mtengo womwe banki yanu imakudulani, muufanizire ndi bandulo ya mphindi ya TNM kapena Airtel. Onaninso kawerengedwe kake. Pakalembedwa 60/60 ndiye kuti ngakhale mulankhule masekondi 5 akuwerengerani mphindi yathunthu, pomwe 1/1 amawerenga pa sekondi. Ena amadulanso kandalama pa foni iliyonse ikangolumikizika.

Pamwamba pa apo pali lendi ya nambala mwezi ndi mwezi, yolipira m'madola, m'mapaundi kapena m'marandi. Izi musazione mopepuka. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene ankalipira $10 pamwezi anagona bilu yake ili K11,800, anadzuka ili K17,000, foni yomweyo, mphindi zomwezo. Komanso ndalama zakunja zikavuta, makhadi a ku banki amaikidwa malire pa zogula pa intaneti, ndipo mwezi umene malipiro akanika nambala imatsekedwa. Makampani ena mukachedwa kwambiri amaipereka kwa munthu wina. Njira yanzeru ndi yoti wachibale wa kunjayo atsegule akaunti m'dzina lake ndi kumalipira komweko. Ndipotu makampani ambiri sapereka nambala ya mzinda ngati 011 ya Johannesburg kapena 020 ya London popanda umboni wa adiresi ya m'dzikomo, ndiye mulimonsemo mudzamufuna.

Amene imawapinduliradi

Oyamba ndi agogo amene ana awo ali kunja, maso anayamba kuvuta, ndipo foni ya galasi imawasokoneza. Nambala ikakhala ya dziko lomwe anawo ali, iwo amaimba ngati akuimbira neba, nthawi zambiri pa mphindi zomwe analipira kale, ndipo agogo kuno amangonyamula chomvera n'kunena "halo". Pa nkhani iyi ife timaona kuti ndalamazo sizipita pachabe, bola pakhale mdzukulu wodziwa kudzutsa rauta, chipangizo chogawa intaneti m'nyumba, ikakomoka.

Ena ndi a malo ogona alendo, monga a m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe, amene alendo awo ambiri amachokera ku South Africa kapena ku Ulaya ndipo amafuna nambala yoimba mosavuta. Enanso ndi anthu oimbira maofesi akunja: mphunzitsi wa ku Chirunga amene akulondola za maphunziro ku yunivesite ina, woitanitsa katundu ku Durban, munthu wa penshoni kapena akaunti ya banki kunja. Maofesi otere sayankha pa WhatsApp, ndipo amakuimikani pamzere theka la ola mukumvera nyimbo. Theka la ola limenelo pa mayunitsi ndi chilango, pa VoIP ndi ndalama yochepa.

Kupatula awa, banja lomwe abale ake onse ali pa WhatsApp lili nayo kale VoIP m'thumba.

Sabata ziwiri zoyesa

Musagule chipangizo chilichonse poyamba. Tsegulani akaunti yolipiriratu, muikemo ndalama yochepetsetsa yomwe amalola. Ikani pulogalamu yaulere ngati Zoiper kapena Linphone pa foni yanu, kapena MicroSIP pa kompyuta, mulowetse dzina la seva (kompyuta ya kampani ija), nambala ya akaunti ndi pasiwedi. Lumikizani ku Wi-Fi ya rauta imene foni ya m'nyumbayo idzagwiritse ntchito, osati ku deta ya m'foni mwanu, chifukwa mukufuna kuyesa intaneti ya pamalopo.

Imbani m'mawa, masana, makamaka pakati pa 7 ndi 9 koloko usiku pamene netiweki imadzaza. Imbani tsiku la mvula. Imbani magetsi atathima dera lonse, chifukwa nthawi imeneyo anthu ambiri amathamangira ku deta ndipo nsanja za netiweki nazo zimakhala pa batire kapena pa jenereta. Muuzenso wa kunjayo akuimbireni maulendo osachepera khumi pa nthawi zosiyana, muwerenge kuti yalira kangati. Zomba ndi wa mapiri ndi zigwa, netiweki ya ku Chinamwali si ya ku Sadzi, ndipo nyumba ziwiri zoyandikana m'tsinde mwa phiri zitha kusiyana kutalitali. Zimene wakuuzani mnzanu wa dera lina sizikukhudzani.

Liwiro la intaneti si nkhani yaikulu, pakuti foni imodzi siifuna ngakhale 0.1 Mbps mbali iliyonse. Chimene chimapha VoIP ndi kuchedwa ndi kusakhazikika. Bungwe la ITU, loona za matelefoni pa dziko lonse, limalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira 150 ms ulendo umodzi (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Pa kompyuta tsegulani Command Prompt, mulembe ping ndi dzina la seva ya kampaniyo. Nambala yotulukayo ndi ya ulendo wopita ndi kubwera, ndiye ikamapitirira 300 ms muyamba kulankhula mophana mawu, wina asanamalize wina wayamba. Yang'ananinso ngati manambalawo akufanana. Akamadumpha, apa 90, apa 400, apa 120, mawu azimveka ngati munthu akulankhulira m'madzi. Kusiyanaku kusapitirire 30 ms, ndipo timaphukusi totayika tisafike 1 pa 100 tilitonse. Kampani ikakhala ndi maseva angapo, sankhani ya ku Johannesburg m'malo mwa ya ku Ulaya kapena ku America, njira yake ndi yaifupi.

Nanga deta imadya yochuluka bwanji? Zimatengera njira yopanikizira mawu, imene pa makonzedwe imalembedwa kuti codec. G.711 imamveka bwino kwambiri ndipo imadya pafupifupi 1.2 MB pa mphindi, kuwerengera mbali zonse ziwiri, kapena kuti 72 MB pa ola. G.729 imadya pafupifupi 0.4 MB pa mphindi, mawu ake ndi opyapyala pang'ono koma imapirira pa netiweki yofooka. Si zambiri. Vuto lili pa mtundu wa bandulo: ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siigwira pa kabokosika, pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Ndipo iyenera kukhalapo usana ndi usiku, chifukwa ikatha pakati pa usiku foni imangokhala chete osakuuzani, inu n'kumadabwa kuti ana asiya kuimba. Ngati m'nyumbamo mulibe kale intaneti ya pamwezi, kaya ya rauta ya 4G, ya faiba kapena Starlink yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, mtengo wonse wa intanetiyo muuwerengere pa foniyo. Mukatero nthawi zambiri masamu amakana okha.

Magetsi

Apa mpamene ambiri amagwa. Rauta ya 4G imalembedwa 12V 1A, kabokosi ka Grandstream HT801 ndi 5V 1A. Zonse pamodzi zikamagwira ntchito wamba muziwerengera mawati 10. Magetsi akathima maola 8 mufunika 80 Wh, kutanthauza mawati 10 kuchulukitsa ndi maola 8. Tima UPS ting'onoting'ono ta rauta, timabatire tosungira magetsi, timalembedwa manambala onyengerera ngati 10,400 mAh, koma nambalayo ndi ya pa 3.7V, kutanthauza 38 Wh zokha, zomwe sizifika maola 4. Batire ya 12V 7Ah ili ndi 84 Wh papepala, koma ya mtovu mukamaikhetsa kupitirira theka imafa msanga, ndiye muziwerengera 42 Wh. Amene ali kale ndi sola ndi batire yaikulu alibe nkhawa, angoonetsetsa kuti rauta ndi kabokosi zili pa mzere wa sola. Starlink imadya magetsi kuposa rauta ya 4G kangapo, kotero ka UPS kakang'ono sikangaithe.

Musaganize kuti kuthima kwa nthawi yaitali ndi nthano yakale. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo zinatenga nthawi yopitirira chaka kuti makinawo abwerere. Konzekerani chaka chovuta, osati mwezi wabwino.

Foni yopanda waya, ija mumayenda nayo m'nyumba, tsinde lake limafunanso magetsi. Foni wamba ya waya imadya kuchokera ku kabokosi, ndiye ndi yabwino pa nyengo zathuzi. Nthawi ya dzinja mphenzi za m'phiri muno si zocheza. Ikani choteteza magetsi pa soketi, ndipo kukayamba kung'anima zulani pulagi, makamaka ngati rauta ili ndi mlongoti panja.

Pogula ndi polumikiza

Mayeso akayenda bwino, gulani kabokosi kosakhomedwa. Timabokosi tambiri tobwera m'masutikesi a abale tinakhomedwa ku kampani imodzi, ndipo simungalowetsemo akaunti ina. HT801 ili ndi polowetsa foni imodzi, HT802 ziwiri. Polowetsapo pamalembedwa FXS kapena Phone. Mukaona FXO dziwani kuti ndi polowetsa laini yochokera kunja, osati foni. Werengani chaja yake: magetsi athu ndi 230V ndipo pulagi ndi ya mano atatu, choncho pakhale polembedwa 100-240V. Zipangizo zolumikizirana zimayenera kukhala zovomerezeka ndi MACRA, ndiye ngati mukuitanitsa zambiri, funsani kaye kumeneko.

Kulumikiza kwake n'kosavuta. Nthambo ya Ethernet ichoke pa LAN ya rauta kupita ku kabokosi. MiFi ya m'thumba yopanda polowetsa nthambo siithandiza apa. Nthambo yopyapyala ya RJ11 ichoke ku kabokosi kupita ku foni. Pa Grandstream, nyamulani chomvera, dinani nyenyezi katatu kenako 02, ikuwerengerani adiresi yake ya IP. Lembani adiresiyo pa kompyuta pomwe mumalemba maadiresi a pa intaneti, mulowe, ndipo chinthu choyambirira musinthe pasiwedi yobwera nayo. Kenako lowetsani seva, nambala ya akaunti ndi pasiwedi monga munachitira pa Zoiper. Pakaoneka mawu akuti Registered ndiye kuti yalumikizika.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito mawaya akale a m'makoma kuti foni izilira ku zipinda, dulani kaye waya wochokera pa mtengo wa panja pomwe akulowera m'nyumba. Ngakhale laini inafa kalekale, wayayo atha kubweretsa mphamvu ya mphenzi n'kuotcha kabokosi. Pansi kapena m'mbali mwa foni zakale pamakhala kaswitchi ka T ndi P, kaikeni pa T. Poimba nambala ya muno chotsani 0 woyamba n'kuyamba ndi 00265, kapena monga kampaniyo yanenera.

Zikavuta

Dandaulo lofala ndi loti inu mukutha kuimba koma okuimbirani sakukupezani, kapena imalira tsiku lina, lina ayi. Chifukwa chake n'chakuti pa intaneti ya SIM khadi anthu ambirimbiri amagawana adiresi imodzi, ndipo kabokosi kakakhala chete kwa kanthawi netiweki imatseka kanjira kake kobwererera. Mankhwala ake: yatsani NAT keep-alive kuti kazitumiza kauthenga masekondi 20 alionse, ndipo muchepetse nthawi yolembetsanso ku seva, ifike mphindi imodzi kapena ziwiri m'malo mwa ola. Kusintha njira yolumikizirana ndi seva kuchoka pa UDP kupita pa TCP kapena TLS, ngati kampani imalola, kumathandizanso.

Lina ndi loti wina akumva, mnzake sakumva, kapena foni ikuduka yokha patangotha masekondi 30. Kawirikawiri wolakwa ndi SIP ALG, kachinthu ka mu rauta komwe kanaikidwa kuti kathandize koma kamasokoneza maadiresi. Kapezeni m'makonzedwe a rauta, mukazimitse, muzimitse rauta n'kuyatsanso.

Mawu akamadukaduka madzulo okha, onani kaye m'nyumba momo. Mwana akamatumiza vidiyo kapena foni zikamakweza zithunzi pa intaneti, njira yotulukira imadzaza ndipo mawu anu amaima pamzere. Rauta ikakhala ndi QoS, posankhira chipangizo choyenera kutsogola, ikani kabokosi patsogolo. Apo ayi sinthani kupita ku G.729, kapena sunthirani rauta pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja. Mukamadzimva nokha mawu akubwerera, tsitsani voliyumu ya chomvera ndipo muyese foni ina, popeza foni zotchipa zimabweza mawu.

Za akuba tisazilambalale. Pa intaneti pali makompyuta amene ntchito yawo ndi kusakasaka timabokosi totseguka pa khomo la 5060, lomwe mafoni a VoIP amalowera. Akalowa amaimba manambala odula a maiko akutali usiku wonse pa akaunti yanu. Musatsegule khomo limenelo pa rauta, ikani pasiwedi yaitali, zimitsani zoti akaunti izidzithira yokha ndalama kuchokera ku khadi, ndipo ngati n'kotheka lolani maiko okhawo amene mumaimbako. Foni ikamalira pakati pa usiku ndi nambala ngati 100 kapena 1001, mukanyamula kuli zii, ndi omwewo akugogoda. Pa makonzedwe pali posankha kuti kabokosi kazilandira mafoni ochokera ku seva yanu yokha, yatsani pamenepo. Wina akadzakuuzani kuti muike ma SIM khadi ambiri m'bokosi kuti muzilowetsa mafoni akunja m'manetiweki a muno n'kumapanga ndalama, mukaneni. Kugulitsa ntchito za mafoni popanda chiphaso cha MACRA ndi kuphwanya lamulo la Communications Act la 2016.

Zimene singachite

Nambala ya kunja siidziwa kuti muli ku Zomba. Mukaimba 997 kufuna apolisi, kampani ya ku London siingakufikitseni ku polisi ya kuno. Wodwala akafunika kuthamangira naye ku Zomba Central Hospital usiku magetsi atathima, foni yodalira rauta si yoikirapo moyo. Manambala achinsinsi a SMS ochokera ku banki safika pa foni ya patebulo, ndipo Mpamba ndi Airtel Money zimafuna SIM khadi. Choncho foni ya m'manja ikhalebe m'nyumbamo, yotchajidwa, ili ndi mayunitsi.

Ngati chimene mukufuna ndi foni yokhazikika pamalo amodzi, ya mabatani akuluakulu, yoti agogo kapena wantchito aziyankha, ndipo oimba ake ndi a konkuno, pali njira yachidule. Gulani foni ya patebulo yolowetsa SIM khadi. Ili ndi batire yakeyake, nambala yake ndi ya 088 kapena 099, anthu amaiimbira pa mtengo wamba, ndipo siifuna intaneti. Musanagule, tembenuzani kaye rauta yanu. Ma rauta ena a 4G, monga Huawei B315, ali ndi kabowo ka RJ11 kumbuyo kolembedwa TEL. Lowetsani foni yakale ija pamenepo, ndipo ngati SIM khadi ya mu rautayo imalola kuimba, foniyo izilira pa nambala ya SIM imeneyo. Dziwani chabe kuti pa ma rauta otere intaneti imatsika liwiro kapena kuima kaye pamene mukulankhula, ndipo mphindi zake zimachoka pa mayunitsi kapena pa bandulo ya mphindi, osati pa deta.